Mmene Ndinatsitsira Kasungu Yense Panjinga

Amene akuti Yotamu Mwale ndi wabodza adzuke pabenchipo azipita, chifukwa zimene nditi ndinene pano zili ndi mboni zodzaza bwalo la mpira, ndipo ena mwa mbonizo ndi amalume anu omwe. Mwakhala pakhonde lino la pa Mtunthama kuyambira m'mawa, manja ali m'masaya, uyu akuti kaunjika sakuyenda, uyo akuti tomato akuwola, winayo akuti anthu alibe ndalama. Anthu alibe ndalama? Anayamba akhalapo nazo liti? Vuto lanu ana inu ndi loti kasitomala mumamudikira ngati mvula. Ine kasitomala ndinkachita kumutsitsa panjinga, atavula ndi chipewa chomwe. Mukumva?

Zinali zaka zija za makuponi, boma likupereka timapepala togulira feteleza motchipa, ndipo chaka chimenecho dzina langa linatuluka koyamba chibadwire. Kuponiyo ndinaikulunga m'pepala la shuga n'kuisokerera m'kati mwa chipewa, moti ndinkasamba nditavala chipewa. Koma kuponi payokha sinyamula thumba, imafuna kandalama kowombolera, ndipo m'matumba mwanga munali mphepo yokhayokha. Ndinali nditangochoka kumene ku esiteti, komwe ndinakhala zaka zisanu ndi ziwiri ndikulima fodya wa munthu wina, ndikudya chimanga choyezedwa ndi chidebe, ndipo tsiku lochoka ndinalumbira pamaso pa mkazi wanga Nankhoma kuti phazi langa silidzapondanso pa utenanti. Kulumbira n'kosavuta. Munda wanga wa ku Chulu popanda feteleza chimanga chinkamasula chikadali m'mawondo, ndipo kapitawo wa ku esiteti anali atadutsa kale kawiri pakhomo, akumwetulira, amvekere, “A Mwale, kanyumba kanu ka udzu kaja sitinapatse munthu.” Ndiye nkhani inali yachidule: ndiwombole feteleza asanathe ku depoti, apo ayi ndibwerere kukasenza mikangala ya fodya wa eni ake. Ndinkaopa, ana inu, sindibisa.

Ndiye ndinayamba geni ya thobwa ndi zitumbuwa pamsewu, pakhomo panga pomwepo, ndili ndekhandekha. Bwana ndinali ine, wokanda ufa ine, wotsuka makapu ine, mlonda ine, ndipo chitumbuwa chikapserera ndinkadziitana pambali, n'kudzikalipira, n'kudzichotsa ntchito, mawa lake n'kudzilembanso chifukwa wina wofuna ntchitoyo panalibe. Ndipo musamayerekeze ndi tizitumbuwa tanu ta masiku ano toti munthu akayetsemula tauluka. Changa chimodzi munthu ankadya Lolemba n'kudzamva njala Lachinayi masana, ndipo thobwa langa linali lokoma moti njuchi za kunkhalango zinasiya kupanga uchi, zinati palibe chifukwa chovutikira pamene Mwale alipo. Iwe wa tomato, ukuseka chiyani? Kafunse njuchizo.

Koma taonani tsoka. Kasungu yense ndi wosalala ngati lichero, mtsetse ulipo umodzi wokha, wotsikira kudambo pamsewu wochokera ku Chulu, ndipo Mulungu mtsetse umenewo anaupereka kwa ine. Nyumba yanga inali pakati penipeni pake. Anthu onse opita ku depoti ankadutsa pamenepo, ndipo njinga za kwathu mukuzidziwa, buleki wake ndi chidendene, ndiye munthu akafika pamwamba ankangotambasula miyendo, fyuu, ine n'kungoona fumbi ndi msana. Ndinalemba chikwangwani ndi makala pakatoni, koma pa liwiro limenelo munthu ankawerenga chilembo chimodzi patsiku, moti wina anatha sabata ziwiri kuti amalize mawu akuti zitumbuwa. Ndinayesa kukuwa, ndipo mawu anga ankamveka mpaka kuboma, wina wa kumalire a Zambia anachita kutumiza uthenga wofunsa mtengo, koma amene akudutsa pamaso pangawa mawu ankawapeza atawoloka kale dambo. Ndinalengeza basela, kuti ukagula chimodzi ndikuwonjezera ziwiri, koma basela amaperekedwa kwa munthu woima. Tsiku lina ndinakwiya, ndinadzaza kapu ya thobwa n'kuthamangitsa njinga wapansi, kudutsa dambo, kudutsa midzi inayi, osataya ngakhale dontho, mwini njinga n'kumwa akupalasa, ine n'kubwerera kudzapeza mafuta akadali kuwira m'chiwaya. Koma munthu sungathamangitse boma lonse ndi kapu imodzi.

Apa ndiye pali phunziro limene simudzalimva kwa aphunzitsi a kusukulu yapamwamba iyo. Katundu wabwino sadzigulitsa yekha, fumbi ndiwe mwini, koma ngakhale utavina chotani, munthu sagula akuthamanga. Ayambe waima. Akaima maso amaona, mphuno imanunkhiza, mimba n'kukumbuka kuti ili ndi mlandu. Ndiye funso la wamalonda aliyense ndi limodzi: kodi anthu a kwanu kuno amaima akaona chiyani?

Yankho ndinalipeza Loweruka lina, pamene kumudzi woyandikana nafe kunagwa maliro. Ndikupita kukakhuza, ndinaona zimene ndakhala ndikuziona chibadwire koma osaziganizira: nthambi zaziwisi zitayalidwa pamsewu, ndipo aliyense wofika pamenepo, kaya akuthamangira kuchipatala kaya wanyamula nkhumba, ankatsika panjinga, n'kuvula chipewa, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka atadutsa nthambi zachiwiri. Popanda wapolisi, popanda wokuwa, masamba okha basi. Anzanga ankalira, ine m'mutu mwanga munkalira zina.

Zinthu zinachita kugwirizana zokha. Nankhoma anali atapita kwawo ku Njombwa kukaona mng'ono wake amene anali atangobereka kumene, ndipo anyakwawa athu anali kuboma pa nkhani za makuponi omwewa, choncho munthu wondifunsa panalibe. Lolemba, tsiku limene lole ya feteleza inafika ku depoti, ndinathyola nthambi za mango, zina ndinayala pamwamba pa mtsetse, zina kumunsi, benchi yanga ili pakati, ine n'kukhala pa mbaula nkhope ili yakugwa.

Ana inu, Kasungu anatsika panjinga! Woyamba anatsika mwadzidzidzi moti nsapato inafuka utsi, wachiwiri anagunda woyamba, wachitatu anagunda wachiwiri, ndipo pomwe dzuwa linkafika pamwamba pa mitengo mzere wa anthu okankha njinga unali utayambira pakhomo panga mpaka ku Chulu, onse zipewa zili m'manja, akuyenda ngati akuponda mazira, fungo la zitumbuwa likuwalowa m'mphuno mwaulemu. Lole yonyamula mabelo a fodya inazimitsa injini, dalaivala n'kutsika kumaikankha. Ng'ombe zokoka ngolo zinagwada. Ndege ina imene inkadutsa kumwamba inachepetsa liwiro, ndinaiona ndi maso angawa, ndipo ngakhale mtambo wa mvula umene unkachokera kumadzulo unafika pa nthambi zija n'kuima, n'kulambalala. Mukumva? Anthu ankagula monong'ona, uyu ziwiri, uyo kapu ya thobwa, ndipo wina akafunsa kuti watisiya ndani, ine ndinkangoweramitsa mutu n'kupukusa, osayankha. Pakamwa panga sipanatuluke bodza ngakhale limodzi, zimenezo mukazilembe. Chidebe choyamba cha thobwa chinatha, ndinatsegula chachiwiri, ndipo mtima wanga unayamba kuona matumba awiri a feteleza atatsamira khoma la nyumba yanga.

Chimene ndinaiwala ndi choti anthu a kwathu akaona masamba samangotsika panjinga, amawerenganso anthu a pakhomopo. Panafika mayi wina wa kumpingo kwathu, a Nasimango, munthu woti akayamba kulira ngakhale mwala umatuluka misozi. Anayang'ana nthambi, anayang'ana ine, anayang'ana chitseko chotseka, ndipo poti pakhomopo tinkakhala anthu awiri okha, mmodzi n'kukhala ali moyo akukazinga zitumbuwa, masamu ake sanavute. Anaponya kapu pansi, manja kumutu, “Mayo ine, Nankhoma mnzanga, wandisiya ndi yani!” Kulira kumeneko kunadutsa dambo, kunalowa m'midzi, ndipo ndisanapukute ndi manja omwe amayi anali atayamba kutulukira m'njira zonse, uyu wasenza nkhuni, uyo kambale ka ufa, abambo anyamula mabenchi a kutchalitchi. Ena anafunsa kuti nanga mwamuna wofedwa akukazinga bwanji zitumbuwa, anzawo n'kuyankha kuti musiyeni, chisoni chamusokoneza mutu. Ena anafunsa kuti thupi lili kuti, ndipo wina amene sindinamudziwe mpaka lero anayankha molimba mtima kuti mayiyo wamwalirira kwawo ku Njombwa, galimoto ili m'njira, poti ndinamutenga chitengwa ndiye adzagona kumanda a kwathu.

Ndinadzuka kuti ndilankhule, ndikulumbira ndinadzuka. Koma a Chikuse, mkulu wa mpingo, anandigwira paphewa n'kundikhazika pamphasa. “A Mwale, khalani pansi. Namfedwa salankhula, tilankhula ndife.” Anandiikira amuna awiri, wina kumanja wina kumanzere, ndipo ndikangotsegula pakamwa, onse awiri ankandisisita pamsana n'kumati limbani mtima, bambo, limbani mtima.

Tsono mverani apa, chifukwa apa ndi pamene geni inafera. Pamaliro chakudya sagulitsa. Anthu omwe aja ankagula monong'ona anayamba kungotola, dengu lonse la zitumbuwa linayenda m'manja n'kubwerako lili mbee, chidebe chachiwiri cha thobwa anapatsa amayi oimba kuti afewetse kukhosi, chachitatu anamwa abambo a pansi pa mtengo, ufa wanga wa geni unalowa mumphika, mafuta anga anakazingira nkhuku zanga zomwe, zonse zisanu ndi tambala yemwe, ine ndikuona, ndikusisitidwa pamsana. Adzukulu, anyamata okumba manda aja, anabwera kudzatenga makasu ndi nkhuku yawo, ndipo poti anyakwawa kunalibe, a Chikuse anangoti pitani mukayambe, tidzawafotokozera akabwera. Anthu anachuluka moti ena anakhala m'mitengo, ena padenga la nkhokwe, makwaya anabwera atatu n'kumapikisana, ku depoti kunatsala mlonda yekha ndi matumba ake, ndipo fumbi la anthu obwera kumaliro linaoneka kuboma, akuluakulu n'kumafunsana ngati kwabwera nduna. Ngakhale kapitawo uja anabwera, anagwada pamaso panga, n'kunong'ona kuti pepani a Mwale, kanyumba kaja kakadalipo.

Ndiye panayamba kuyenda mbale ya chipepeso. Apa ndinene zoona, poti ndakalamba. Nditaona mbale ija ikudzaza, mtima wina unati Yotamu, imirira, uwauze anthuwa. Mtima wina unati Yotamu, feteleza uja ndi ameneyu, ungokhala chete pang'ono. Manyazi ndinachita, thukuta linatsika mpaka m'mawondo, koma manyaziwo sanandidzutse pamphasa.

Dzuwa litapendeka kunamveka kulira kwa galimoto pamwamba pa mtsetse. Wina anakuwa kuti thupi lafika, ndipo kulira kumene kunabuka pamenepo kunagwetsa mango osapsa m'mitengo yonse ya m'mudzimo. Amayi anayala zitenje, amuna asanu ndi mmodzi anakonzeka kukanyamula, a Chikuse anatsegula buku la nyimbo. Galimotoyo inali ya matola, inaima pa nthambi paja, ndipo kumbuyo kwake kunatsika Nankhoma, wamoyo, wonenepa, duku lili pambali, manja ali kumutu. Munthu wina anali atamuimbira foni mng'ono wake kuti pakhomo pa a Mwale pali masamba, ndipo nayenso anachita masamu ake: pakhomopo timakhala awiri, ine ndili kuno. Ndiye anatsika akulira, “Mwamuna wanga ine, Yotamu, wandisiya ndi yani!”

Mukumva? Maliro akulira maliro! A Chikuse, munthu wa ndodo, wodwala nyamakazi, analumpha chigafa changa cha fodya osakhudza udzu, nsapato zawo n'kutsala pansi zitaima bwinobwino ndi masokosi omwe. A Nasimango anakwera mtengo wa papaya mpaka kunsonga. Makwaya atatu aja anathawa akuimbabe, aliyense nyimbo yake, njinga imodzi inanyamula anthu asanu ndi awiri, wina anapalasa njinga yopanda tcheni kukwera mtsetse mpaka ku Chulu, kapitawo analowa munkhokwe n'kudzitsekera, ndipo amuna awiri ondisisita aja anathawa atandigwirabe malaya, moti ndinatsala ndi kolala yokha. Ine nditaimirira, Nankhoma anaona mtembo wa mwamuna wake ukudzuka pamphasa, nayenso analiyatsa liwiro kulowera kudambo, ine pambuyo ndikukuwa kuti mayi imani, iye n'kumawonjezera moto poganiza kuti ndabwera kudzamutenga.

Ndinamupeza atatopa, atakhala pachulu. Anandigwira mkono, ananditsina, anaona kuti ndikumva kuwawa. Tinabwerera limodzi pakhomo. Anayang'ana nthambi za mango, anayang'ana dengu lopanda kanthu, nthenga za nkhuku zake, mbale ya chipepeso ili pamphasa, kenako anandiyang'ana ine.

“Bambo, wamwalira ndani pakhomo pano?”

Ndinati, “Akuti ndinu, mayi.”

Zimene zinatsatira sindinena zonse, pali ana. Anthu anabwerera mmodzimmodzi, aliyense n'kutola chipepeso chake m'mbale muja, koma zitumbuwa, thobwa ndi nkhuku palibe anabweza, ankati zinadyedwa mwamwambo. Tindalama ndinagulitsa m'mawa tija tinathera kulipira galimoto ndi kukonza mabenchi a kutchalitchi amene anathyoka pothawa. Koma mlandu waukulu unali kumanda. Adzukulu anali atamaliza kukumba, ndipo kwathu manda okumba sasiyidwa kukamwa, amati aitana munthu. Anyakwawa atabwera mawa lake sanakalipe n'komwe, anaseka mpaka kutsokomola, kenako anati m'dzenjemo muikidwe chipatso cha mvunguti monga amachitira makolo thupi likasowa, ndipo ine ndipereke mbuzi kwa adzukulu, ina kumudzi chifukwa choseweretsa masamba a maliro. Mbuzi ndinalibe. Nkhuku zinali m'mimba mwa anthu. Chinthu chokha cha mtengo wapatali chimene chinatsala pakhomo panga chinali pamutu panga, ndipo mavenda ogula makuponi nthawi imeneyo ankanunkhiza munthu wovutika ali kutali. Ndinavula chipewa, ndinasomola ulusi uja ndi mano, n'kuwagulitsa kapepala kanga kuti ndigule mbuzizo. Pamenepo ndiye ndinalira zenizeni, koma wondisisita pamsana panalibe.

Mvula yoyamba isanagwe ndinamanga kamtolo kanga kubwerera ku esiteti. Ndinati Nankhoma, tiyeni. Iye anati, “Pitani nokha, bambo. Munthu wakufa salima fodya.”

Ndinakhalako madzinja awiri, m'kanyumba ka udzu komwe kaja. M'mbuyo muno Nankhoma anatenga chiwaya changa, n'kumasenza dengu ndi chidebe kupita nazo ku depoti komweko, kumene anthu ankakhala pamzere tsiku lonse, oimaima kale, anjala kale, opanda kothawira. Sanalembe chikwangwani, sanakuwe, sanathyole nthambi ya munthu. Anthu ankachita kukankhana kuti aone mayi amene anabwera yekha kumaliro ake, ndipo akamuona ankagula, akalawa ankabweranso. Ndi iyeyo anagula feteleza chaka chachitatu n'kutuma uthenga kuti uzani bambo aja abwere adzalime. Tsono ndikufunseni, inu anzeru za pakhonde: dzina limene linamugulitsira malondalo anamupangira ndani? Ndani wina m'Kasungu muno anasonkhanitsapo anthu ochuluka chotero tsiku limodzi, popanda wailesi, popanda chimkuzamawu, ndi nthambi zinayi zokha za mango? Palibe, ndipo sadzapezeka.

Zoti phindu lake sindinalione, imeneyo ndi nkhani ina. Amene akukayikabe akwere njinga apite ku Chulu, akafunse manda a Nankhoma, amuonetsa, ali kumapeto chakumadzulo, muli mvunguti. Ndipo chaka chilichonse tsiku lolambula kumanda likafika, anthu onse amalambula pa makolo awo, ine ndimagwada pamanda a mkazi wanga ndi kakhasu, mwini mandawo ataima pambali, manja ali m'chiuno, akundilozera pamene ndasiya udzu.